Nyimbo Imene Inasungunuka M'ndowa

Mayi Olipa Kasuba amadzuka kusanache, nthawi imene m'misewu ya ku Ellenbrook, m'mphepete mwa mzinda wa Perth, mumangomveka timipope tothirira kapinga tikulavula madzi pa makomo a eni. Alamu sayifuna, thupi linazolowera lokha. Amayamba ndi kugwada m'mbali mwa bedi, pamalo pamene kapeti yayamba kuperepeseka, ndi kutchula mayina: abale a ku Nathenje, odwala a mumpingo, okalamba a kuntchito kwawo. Dzina la Luwayo, mwana wawo mmodzi yekhayo, amalisiya kumapeto, chifukwa akayamba nalo ena onse aja amaiwalika.

Akadzuka pamenepo amayatsa ketulo. Madzi asanawire amatenga foni, kutsegula WhatsApp ndi kuyang'ana pamalo amodzi. Sipakhala chatsopano. Tiyi amamwa chiimire, kenaka kuvala yunifomu yabuluu, kupachika baji pachifuwa ndi kutuluka. Akhwangwala akuno, aja olira ngati mwana wotopa ndi kulira, amakhala atayamba kale padenga la aneba. Ikamakwana sikisi koloko amakhala ataimika kagalimoto kawo panyumba yosamalira okalamba, pamene agwirapo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Amalawi a ku Perth amawadziwa ngati mayi ofatsa, osasowa pamaliro, oyamba kufika ndi omaliza kutsuka mbale. Amadziwanso, ngakhale sanena pamaso pawo, kuti mwana wawo amakhala mumzinda womwewu koma patha zaka khumi ndi zitatu osadya m'nyumba mwa mayi ake. Akakumana paukwati kapena pamaliro, Luwayo amagwira chipewa, n'kunena kuti "Hi Mum," basi kwatha. Chimene chinawalekanitsa si mkazi, si chuma, si mowa. Ndi nyimbo.

Mayi Olipa anabadwa m'chaka cha 1968, m'banja la mkulu wa mpingo. Masiku amenewo wailesi inali imodzi, ndipo nyimbo ikakhala ndi mawu okayikitsa inkangozimiririka, osamvekanso, palibe wofunsa. Iwo anakula akudziwa kuti pakamwa pa munthu ndi pakhomo pa nyumba: pakatuluka zonyansa, ndiye kuti m'katimo mwaola. Choncho zinadabwitsa ambiri kuti anakwatiwa ndi a Greyson, makaniko wa magalimoto akuluakulu ku Kanengo, munthu wanthabwala amene m'bokosi lake la masipanala, pansi pa nsanza za girisi, ankabisamo makaseti. Ankamubweretsera ndi madalaivala ochokera ku Zambia ndi ku Joni. Zinali nyimbo za roko, zija za magitala olira ngati munthu akupala lata, woyimba akukuwa ngati wapsa.

Tsiku lina, atangokwatirana kumene, a Greyson anatseka chitseko cha kanyumba kawo ka ku Kawale, kuika kaseti, ndi kuwakoka dzanja. Anavina. Mayi Olipa sanauzepo munthu zimenezi, koma anavina mpaka duku kugwa. Atapuma anafunsa kuti, "Kodi iyeyu akukalipira ndani?"

"Olipa iwe," anatero a Greyson akuseka, "ndikakumasulira, mawa ndikupeza kwanu."

Sanafunsenso. Mwana atabadwa, makaseti aja analowa m'thiranki, ndipo thirankiyo inawoloka nawo nyanja m'chaka cha 2006, a Greyson atapeza ntchito yokonza makina ku migodi ya kumpoto. Ankapita pandege, masabata awiri kumgodi, sabata imodzi kunyumba. Banja linakhazikika ku Girrawheen, dera lina la mzinda wa Perth. Luwayo, wazaka khumi ndi ziwiri panthawiyo, ndiye anafukula makaseti aja, ndipo bambo ake, m'malo momukalipira, anamugulira gitala yakale. Akabwera kumgodi, awiriwo ankadzitsekera m'galaja. Mayi Olipa ankangokweza mawu a nyimbo zawo za m'buku kukhitchini, kuti phokoso la uko lisawalowe.

M'chaka cha 2011 a Greyson anadwala khansa ya chiwindi. Miyezi isanu yokha. Amayi a mumpingo ankadzaza nyumba, kuyimba, kusala kudya mosinthana. Mayi Olipa anagwira chikhulupiriro ndi manja awiri. Atamupeza Luwayo akulira kuseri kwa galaja, anamuuza kuti, "Pukuta misozi. Bambo ako achira. Kulira n'kukayika." Mnyamatayo anapukutadi. Bambo ake anamwalira mu Okutobala, ndipo ngakhale kumanda ku Nathenje, anthu akugubuduzika, iye anangoima chilili, maso ali gwa.

Mu Januwale wotsatira, dzuwa likuswa mtengo, Mayi Olipa ankasintha nsalu pabedi la mwanayo pamene anapeza kope lachikuto chakuda pansi pa matiresi. Anatsegula tsamba loyamba. Inali nyimbo, yolembedwa ndi dzanja lake, ndipo inkalankhula ndi Mulungu. Inkamufunsa kuti anali kuti miyezi isanu yonse ija, ngati anali kugona kapena anali patchuthi. Pamizere inayi iliyonse panali liwu lotukwana lija limene azungu amalavula akapunthwa chala, litagundana ndi dzina la Mulungu. Mayi Olipa anatseka kope lija ngati muli njoka.

Akanatha kudikira mwanayo, kumukhazika pansi ndi kumufunsa. Koma kwathu tinaphunzira kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo tsikulo linali Lachinayi, mapemphero a amayi anali m'nyumba mwawo momwemo. Anzawo atatha kuyimba nyimbo yotsegulira, iwo anaika kope patebulo, pakati pa makapu a tiyi, ndi kunena kuti, "Amayi, ndithandizeni. Satana walowa m'nyumba mwanga."

Munali amayi asanu ndi anayi. Mtsogoleri wawo, Mayi Rosebell, namwino wodziwa Chingerezi bwino, anavala magalasi ndi kuyamba kuwerenga mokweza. Popeza panali agogo awiri amene anabwera kudzaona zidzukulu ndipo Chingerezi sankachimva, Mayi Rosebell ankati akawerenga mzere, n'kuumasulira m'Chichewa. Kutukwana kwa Chingerezi kumauluka ngati mankhusu, koma kukavala Chichewa kumagwa ngati mwala. Agogo amodzi anatseka makutu. Wina anayamba kupemphera m'malilime.

Pamenepo ndi pamene Luwayo analowa, gitala ili kumsana. Anaima pakhomo la pabalaza. Anaona kope lake m'manja mwa mayi wa eni, anamva mawu ake akutuluka m'kamwa mwa eni. Sanakuwe. Anangoyang'ana mayi ake ndi kunena, m'Chingerezi chake chakuno, kuti, "Mum, alekeni amalize. Patsala masamba awiri. Awerenge mpaka kumapeto."

"Khala chete," anatero Mayi Olipa. "Tamva zokwanira."

Amayi anagwirizana kuti kopelo liwotchedwe. Koma wina anakumbutsa kuti tsikulo boma linaletsa kuyatsa moto panja chifukwa cha kutentha ndi mphepo, ndipo aneba akaona utsi aitana ozimitsa moto. Anayang'anana. Mayi Olipa ndi amene anapita kochapira, kutenga ndowa yokolopera, kuthiramo madzi ndi jiki. Anang'amba masamba aja okha, limodzilimodzi, osawayang'ana, ndi kuwaviika. Inki inayamba kusanduka yofiirira, kenaka yachikasu, kenaka mbee. Anatakasa ndi mtengo wa mopu mpaka zonse zinasanduka phala, amayi akuyimba mowazungulira. Atatukula mutu, pakhomo paja panalibe munthu. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mnzake wa Luwayo anabwera ndi galimoto kudzatenga zovala zake.

"Abwera," anatero Mayi Rosebell powatsanzika. "Njala imubweza. Mwachita zamphamvu, amake Luwayo."

Njala sinamubweze. Anapeza ntchito yotsuka mbale m'malesitilanti a ku Northbridge, kenaka yonyamula zokuzira mawu, uku akuyimba ndi anzake. Mayi Olipa anasamuka ku Girrawheen chifukwa galaja ija inkawalasa mtima, nakakhala ku Ellenbrook, nyumba zatsopano zopanda chikumbutso. Zaka zoyambirira ankadzilimbitsa kuti anachita zoyenera. Ankati bola mwana akwiye kusiyana ndi kuti atayike.

Chimene chinayamba kuwagwedeza ndi kuntchito. Pamene ankayamba, okalamba a m'nyumbamo anali okonda piyano ndi nyimbo za kutchalitchi, ndipo Mayi Olipa ankayimba nawo powasambitsa. Amenewo anatha mmodzimmodzi. M'mabedi mwawo munalowa ena, amene anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1970, agogo okhala ndi zojambula zokwinyika pamikono ndi mabowo a ndolo m'makutu. Mmodzi wa iwo anali agogo Glenys, amene matenda oiwala anawadya mpaka osazindikira mwana wawo. Nthawi yosamba ikakwana ankakanda, kuluma, kulavula. Mayi Olipa ali ndi chipsera padzanja mpaka lero.

Tsiku lina anapeza kuti pa pepala la chisamaliro cha agogowo alembapo chatsopano: asanasambe, aziwaveka zomvera m'makutu ndi kuwaikira nyimbo zimene mwana wawo wasankha. Mayi Olipa anayesa kumva imodzi. Inali roko, ndipo mawu ake anali oipa kuposa a m'kope muja. Anapita kwa bwana wawo kukapempha kuti ntchito imeneyo azigwira wina. Bwanayo anawamvetsera mwaulemu, n'kuwaonetsa pamene dokotala anasaina.

Anawaveka. Sipanathe mphindi ziwiri, agogo Glenys anatsitsa mapewa. Anayamba kugwedeza phazi. Kenaka anatsegula pakamwa popanda mano paja ndi kuyimba, liwu ndi liwu, osaphonya ngakhale limodzi, munthu amene dzina lake lomwe analiiwala. Ankatukwana akumwetulira, mikono atakweza kuti asambitsidwe bwino.

Luyando, mtsikana wa ku Zambia amene ankagwira nawo shifiti, anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mummy, mwamvela? Aba bagogo batukwana kuchila bakondakita ba mu Lusaka!"

"Usaseke, mwana iwe. Ndi tchimo."

"Tchimo ya chani, mummy? Onani, lelo sibanakulumeni. Iyi ndiye mankhwala."

Patapita masabata angapo, Luyando yemweyo anachotsa nyimbo imodzi pamndandandawo, nakauza bwana kuti iye sangaiike. Mayi Olipa anaganiza kuti mwanayo watembenuka mtima.

"Waona tsopano kuti kunyoza Mulungu n'koopsa?"

"Awe, mummy, iyo si nkhani. Mulungu ni mukulu, azazionela yeka. Koma iyi ikamba monga mukazi ni chinthu chogula pa maliketi. Iyi yeve ningaitaye mu bini."

Mayi Olipa anazindikira kuti mpanda sunagwe, anthu anangousuntha usiku iwo ali m'tulo. Chimene dzulo chinali chotsekera makutu, lero chinkalira m'sitolo pamene iwo akusankha tomato, azimayi akukankha ana m'matirole osatembenuka n'komwe. Chimene dzulo anthu ankavina osaganiza, lero ndicho ankachita nacho manyazi. Ngakhale kutchalitchi, achinyamata anali atabweretsa ng'oma zachizungu ndi magitala olira ngati a m'galaja muja, ndipo woyimba gitala wamkulu anali mwana wa Mayi Rosebell.

M'mawa wina, zaka zitatu zapitazo, akuwapesa tsitsi, agogo Glenys anawagwira dzanja, maso atayera ngati munthu wodzuka kutulo.

"Bambo anga anaithyola pabondo," anatero. "Mbale ya nyimbo imeneyi. Anati m'nyumba mwawo simulowa zauve. Ndinatuluka ndi sutikesi imodzi. Kumaliro kwawo sindinapite."

Mayi Olipa anagwada pafupi ndi mpando.

"Nanga munawakhululukira? Agogo, ndiuzeni. Pambuyo pake munawakhululukira?"

Agogo Glenys anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndani?" anafunsa.

Tsiku limenelo, ataweruka, Mayi Olipa anakhala m'galimoto pamalo oimikapo kwa ola lathunthu. Analemba uthenga kwa Luwayo, kufufuta, kulembanso, kufufuta. Pomaliza anatumiza. Timizere tiwiri ta pa uthengawo tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti wauwerenga, iwo asanafike n'komwe kunyumba. Yankho ndilo limene amayang'ana m'mawa uliwonse ketulo isanawire.

Mwezi wathawu, atatuluka m'tchalitchi, Mayi Rosebell anawathamangira, foni ili m'manja.

"Amake Luwayo, mwaona? Mwana wathu Luwayo watchuka! Onani anthu awa, onse akumuyimbira m'manja. Anawa akuti ndi wailesi yomwe ikumuika. Koma akuti Lamulungu likubwerali ndi komaliza kuyimba kuno, Loweruka lake akusamukira ku Melbourne ndi gulu lake lonse. Simunamve?"

Mayi Olipa anayang'ana kanemayo. Mawu ake anali otukwana ngati a m'kope muja, osabisa.

"Mwana wathu?" anafunsa motsitsa. "Asisi, si inu munawerenga kope lija?"

"Aaa, inunso! Zakalekale zija? Tonse tinali m'chimbuuzi nthawi imeneyo. Masiku ano ana amatulutsa zakukhosi, akuti n'kuchira kumene. Ife kuchipatala amatiphunzitsa zimenezo. Musamasunge zinthu, mudwala nazo BP."

Anawasisita paphewa ndi kupita kukapereka moni kwa ena. Mayi Olipa anatsala ataima padzuwa. Amayi asanu ndi anayi anayimba mozungulira ndowa ija, ndipo asanu ndi atatu anapita kwawo kukadya ndi ana awo. Dziko lonse linali litasintha maganizo mosavuta, ngati munthu wosintha malaya. Amene anatsala atagwira mtengo wa mopu anali iwo okha.

Sabata imeneyo chakudya sichinatsike. Melbourne si kumwamba, ndege zimapita tsiku ndi tsiku, koma iwo ankadziwa kuti mwana amene walephera kuyenda mphindi makumi atatu kwa zaka khumi ndi zitatu sangawoloke chipululu kudzawaona. Akachoka osalowa m'nyumba mwawo, ndiye kuti basi. Lachitatu anatsegula thiranki ija. Makaseti a a Greyson anali momwemo, khumi ndi anayi, akununkhabe girisi. Anawakulunga m'chitenje ndi kuwaika m'jumbo.

Lamulungu sanapite kutchalitchi, koyamba chimwalirireni amuna awo. Anakwera sitima ku Ellenbrook, chifukwa kuyendetsa galimoto m'tauni amaopa. Anavala diresi lawo labuluu la kumapemphero ndi duku loyera, jumbo ili pamiyendo, njira yonse akupemphera chamumtima. Atatsika anafunsa njira kawiri. Malowo anali bala, ndipo iwo chibadwire anali asanapondemo m'bala. Mtsikana wapakhomo, wandolo pamphuno, anawadinda chidindo padzanja ndi kuwauza kuti duku lawo ndi lokongola.

Zoyimbazo zinali kuseri, pabwalo, nthawi ya fili koloko masana. Ankayembekezera kupeza zidakwa ndi utsi. Anapeza azibambo a imvi, azimayi oyembekezera, ana aang'ono atavekedwa zotseka m'makutu, ngakhale galu atagona pansi pa tebulo. Anaima kumbuyo, pafupi ndi mphika wa maluwa.

Luwayo atakwera pansanja, Mayi Olipa anamuyang'anitsitsa. Anali ndi ndevu, ndipo ankapendeketsa mutu poyang'ana zingwe za gitala ndendende mmene a Greyson ankachitira poyang'ana injini. Phokoso litayamba, linawagunda pachifuwa ngati chibakera. Sanatseke makutu. Anachita chimene anali asanachitepo chiyambire ku Kawale: anatchera khutu ku mawu, nyimbo iliyonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Munali kutukwana, inde, ndipo anthu onse ankatukwana naye limodzi mosangalala. Koma munalinso za munthu wotsuka mbale za anthu osamuyang'ana kumaso, za kufunsidwa tsiku ndi tsiku kuti kwanu kwenikweni n'kuti, za ndege ya kumgodi imene imabwera yopanda munthu amene ukumudikira. Iwo ankadikira imodzi. Nyimbo iliyonse ikayamba ankati ndi imeneyi. Anayimba khumi ndi ziwiri, anthu anakuwa, anawonjezera ina imodzi. Ija sinamveke.

Anamupeza kuseri kwa nyumbayo, m'kanjira ka mabini, akukulunga mawaya pafupi ndi galimoto yonyamula katundu.

"Luwayo."

Anatembenuka. Waya uja anaugwirabe.

"Mum? Mwafika bwanji kuno?" Iye ankalankhula Chingerezi, iwo Chichewa, monga ankachitira kuyambira kale.

"Pa sitima."

"Wakuuzani ndani?"

"Mayi Rosebell."

Anaseka, koma osati kuseka kwa chimwemwe. "Aunty Rosebell. Amanditumizira timitima pa foni masiku ano. Anandipempha kuti ndikaphunzitse mwana wawo gitala."

"Ndamvera zonse, mwanawanga. Sindinatseke makutu ngakhale kamodzi. Koma ija sunayimbe."

"Iti?"

"Ya m'kope."

Luwayo anaika waya uja pansi pang'onopang'ono.

"Kulibe, Mum."

"Ngati ukuopa kuti ndikhumudwa, usaope. Ndimaveka agogo nyimbo zoposa pamenepo tsiku lililonse. Tukwana mmene ungathere, ine ndikhala chete."

"Simukundimva. Kulibe. Ndinailemba kamodzi kokha, titangobwera kumaliro, m'kope lomwe lija. Tsamba loyamba ndimalikumbuka, chifukwa ndinalimva kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Limenelo silichoka. Enawo ndayesa zaka zonsezi. Ndikalemba zimatuluka zina."

Mayi Olipa anasendera pafupi naye.

"Ankanena chiyani masambawo?"

"Lachiwiri linali la adadi. Manja awo, zikhadabo zakuda zija. Mmene zinayerera kuchipatala."

"Nanga lachitatu?"

Anayang'ana kumbali, ku mabini.

"Linali lanu."

"Langa? Unanditukwana?"

"Ayi."

Anadikira kuti apitirize. Sanapitirize. Mnzake wina anasuzumira pakhomo, kufunsa za makiyi, ndipo atawaona anabwerera msanga.

Mayi Olipa anakumbukira jumbo ija. Anaipereka ndi manja awiri. Luwayo anafunyulula chitenje, kutenga kaseti imodzi, kuitembenuza. Pachikuto panali dzina la bambo ake, lolembedwa ndi bolopeni. Anaifikitsa pamphuno.

"Zinali kuti?"

"M'thiranki. Sindinataye ngakhale imodzi."

"Mukudziwa zimene amayimba umu?"

"Sindinafunse. Bambo ako anati ndikadziwa ndibwerera kwathu."

"Ndi zoopsa kuposa zanga, Mum. Kutalitali." Anaiyang'ananso kasetiyo. "Izi munasunga."

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, wovala duku la kumapemphero, anayamba kugwadira mwana wobala yekha pa simenti yonunkha mowa.

"Ndinalakwa, bambo anga. Ndinakuvula pamaso pa anthu. Ndinakuletsa kulira, ndipo utalirira papepala ndinakuletsanso. Usapite usanalowe m'nyumba mwanga. Ngakhale madzi okha, udzamwe uli chiimire."

"Mum, no. Dzukani." Anawagwira m'khwapa ndi kuwadzutsa, ndipo kanali koyamba m'zaka khumi ndi zitatu kuti manja ake awakhudze. "Dzukani, anthu akuona."

Atangotero anagwira pakamwa, ngati wadziluma lilime. Anawasiya bwinobwino, kuwakonza duku limene linapendekeka, kenaka kubweza manja ake.

"Sabata ino ndi yothina," anatero. "Kulongedza, kubweza makiyi a nyumba. Ndiona."

"Tsiku lililonse. Ndipempha tchuthi. Adiresi ndikutumizira."

"Ndili nayo. Munatumiza kale."

Anawaperekeza mpaka pamsewu, kuwalozera njira ya kusiteshoni, jumbo ija ataikumbatira pachifuwa. Chidindo cha pabala chija chinakhala padzanja lawo masiku atatu. Sanachikwechese.

Anapemphadi tchuthi. Lolemba anakolopa nyumba yonse ndi kuyala bedi m'chipinda chimene sichinagonemo munthu. Lachiwiri anaphika nkhuku ndi mpunga wa kilombero umene ankasungira Khirisimasi, ndipo madzulo anaika mufiriji. Lachitatu anaphika mandasi. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, iwo anali kale pawindo. Lachinayi amayi anaimba foni kufunsa chifukwa chake sanabwere kumapemphero, ndipo iwo anangoyang'ana foniyo mpaka inasiya kulira, kuopa kuti mwina iye angaimbe nthawi yomweyo n'kupeza pali wina. Lachisanu anakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linalowa kuseri kwa madenga. Anayesa kuganiza chimene mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akanalemba za mayi ake pa tsamba lachitatu, ngati sikunali kutukwana. Chilichonse chimene ankaganiza chinkawapweteka kuposa chinzake.

Loweruka anadzuka kusanache, monga mwa masiku onse. Timipope tinali tikulavula madzi pa kapinga wa aneba. Anagwada pamalo poperepeseka paja, ndipo ulendo uno anayamba ndi dzina la Luwayo. Abale a ku Nathenje ndi odwala a mumpingo sanatchulidwe tsiku limenelo. Anakhala pamenepo mpaka akhwangwala anayamba, akudziwa kuti penapake galimoto yodzaza magitala yalunjika kum'mawa, kumene dzuwa linali kutulukira.

Anayatsa ketulo. Anatenga foni. Pansi pa dzina la mwana wawo panalibe chatsopano, koma uthenga uja wa zaka zitatu zapitazo, ndi timizere take tiwiri tabuluu. Tsopano ankadziwa kuti chimene anapemphacho anachitakasa okha ndi mtengo wa mopu. Sanaufufute. Anauwerenganso, milomo ikuyenda:

"Luwayo mwanawanga, ndine mayi ako. Ukapeza mpata, ubwere udzandiyimbire nyimbo ija mpaka kumapeto. Sindidzakudula."